Bata N'lopatsana

Mwana wa kwa Mkhumba akamanyamuka kupita ku Blantyre kukapitiriza sukulu, akuluakulu amamukhazika pansi n'kumulangiza. Amamuuza za akuba a m'madepoti, za anzake oipa, za mowa, za kusunga ndalama m'thumba lamkati. Amayi amamumangira ufa ndi nandolo. Agogo amamukumbutsa kuti kwa eni kulibe mkuwe. Koma palibe amene amamuchenjeza za chinthu chimene akachisowe kuposa ndiwo: malo a phee oti akhale pansi, atsegule buku, mutu ugwire zimene maso akuona. Sikuti akuluakuluwo amaiwala ayi. Kungoti munthu sachenjeza mnzake za chinthu chimene kwawo sichinasowepo.

Kwathu kuno, m'chigwa cha kunsi kwa mapiri a Michesi ndi Mulanje, bata silinali logula. Ife tinkasowa zina. Ndili m'gulu la ana amene tinakhamukira kusukulu mu 1994, boma litathetsa fizi ya kupulayimale, chaka chimene ophunzira m'dziko muno anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Nthawi imeneyo n'kuti Phalombe akadali mbali ya boma la Mulanje, poti anadzaima payekha mu 1998. Tinkaphunzira pansi pa mitengo, buku limodzi titaliunjirira ana angapo, wina akuliwerenga chadodolido. Usiku tinkadalira koloboyi, ndipo palafini akatha, kuwerenga kwathera pomwepo. Koma ukachita mwayi aphunzitsi n'kukubwereka buku, malo okaliwerengera sankasowa. Kuseri kwa nkhokwe, patsinde pa mango, pamsasa wa kumunda uku ukuingitsa mbalame, paliponse panali pako.

Sindikunena kuti kumudzi kulibe phokoso. Chigayo chimalira, ng'oma za tchopa zikayamba zimamveka midzi ingapo, ana amasewera pabwalo mwezi ukawala, ndipo tsiku la msika pa Migowi simungamvane ndi munthu amene mwaimirira naye. Koma phokoso la kumudzi lili ndi mwini wake, lilinso ndi nthawi yake. Umadziwa kuti chigayocho n'cha auje, dzuwa likalowa atseka. Ng'omazo zili kwa auje, mawa kuli zii. Wokweza wailesi ndi msuweni wako kapena mlamu wako, ungathe kupita n'kukamupempha mwaulemu. La m'tauni lilibe mwini. Limachokera mbali zonse, kwa anthu amene suwadziwa, amenenso sakudziwa n'komwe kuti kuseri kwa khoma kuli mwana amene akulimbana ndi masamu.

Zaka za Folomu 3 ndi 4 ndinakhala kwa achemwali anga ku Bangwe. Nyumba yake inali ya lendi, pamdadada wa mabanja angapo, chipinda chimodzi ndi pabalaza. Makoma olekanitsa mabanja sankafika kudenga, motero malata anali amodzi ndipo nkhani zinalinso zimodzi. Aneba akatsokomola tinkamva, akakangana tinkadziwa chimene chatsitsa dzaye. Tebulo linali limodzi: lodyera, lositira, loikapo mbale, ndipo zonsezi zikatha, lowerengera. Pamwamba pake panalendewera babu lamagetsi. Kwa mwana wozolowera koloboyi, babu limenelo linali chuma chosaneneka. Ndinkati mavuto anga atha, usiku wonse ndi wanga. Walira mvula walira matope: magetsi omwewo amene ankayatsa babu ndi amenenso ankaimbitsa wailesi za pamdadada ponse.

Madzulo a ku Bangwe ndimawakumbukira ndi makutu. Kumanja kanema wa aneba, kumanzere nyimbo zauzimu, kuseri kwa mpanda malo omwera mowa amene ankatentha kwambiri kumapeto kwa mwezi. Chapatali pang'ono, mapemphero a usiku wonse pa zokuzira mawu. Pakhonde mbaula zikukupizidwa, ndowa zikugundana pobwera kumpopi, mwana wa achemwali akulirira bere. Izi zikamati zizizire, agalu ayamba. Agalu akatopa, oitanira minibasi adzuka. Ine ndili patebulo paja, chala chili pandime imodzimodzi, maso akuyenda m'mizere koma mutu ukutsatira nyimbo ya kuseri kwa khoma. Ndikafika kumapeto kwa tsamba, palibe chimene chatsalira.

Anthu amenewa sindinawade, ndipo lero sindiwaimba mlandu. Wowotcherera zitsulo, wokhoma zidebe, woitanira minibasi, wogulitsa nyimbo pamsika, aliyense phokoso lake ndilo nsima ya ana ake. Mayi amene akuimbitsa wailesi usiku wakhala padzuwa tsiku lonse akugulitsa tomato, ndipo nyimboyo ndiye mpumulo wake. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mumzinda wa Blantyre, pafupifupi kuwirikiza kawiri anthu a m'boma lonse la Phalombe, ndipo ambiri mwa iwo athithikana m'malo ngati Ndirande, Mbayani, Bangwe ndi Chilobwe. Anthu akachuluka chotere pamalo ochepa, phokoso limabuka popanda amene walipangira dala.

Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti mwana wowerenga m'phokoso sadziwa chimene chikumulepheretsa. Amangoona kuti anzake akumva, iye sakumva. Amayamba kukhulupirira kuti ndi mbuli, kuti mutu wake ndi wouma, kuti sukulu si ya mtundu wawo. Mutu wa munthu uli ngati madzi a pachitsime: ukawavundula umayenera kudikira kuti matope akhale pansi, ndipo wina akamangovundula nthawi ndi nthawi, sudzatunga madzi oyera ngakhale chitsimecho chikhale chabwino chotani. Mu 1975 katswiri wina wa ku New York, Arline Bronzaft, anafufuza ana a pasukulu ina imene inali m'mphepete mwa njanji. Anapeza kuti ana a m'makalasi oyang'anizana ndi njanjiyo anatsalira pa luso la kuwerenga poyerekeza ndi anzawo a mbali ya phee ya sukulu yomweyo, ndipo a m'kalasi yachisanu ndi chimodzi anali atatsalira ndi pafupifupi chaka chathunthu. Akuluakulu ataika mphira pansi pa njanji ndi kukonza madenga a makalasiwo kuti phokoso lichepe, anayezanso, n'kupeza kuti kusiyana kuja kwatha. Ana anali a m'dera limodzi, nzeru zawo zofanana. Chimene chinasintha ndi zimene zinkalowa m'makutu mwawo. Ndikaganiza za ana a m'midadada yathu amene anasiya sukulu akudziyesa mbuli, ndimafunsa kuti ndi angati amene ankangofunika ola limodzi la chete.

Tsono mwana wa m'tauni amasanduka mlenje wa malo. Amadziwa khonde la sitolo limene nyali yake yachitetezo imayaka usiku wonse. Amadziwa mtengo wa kuseri kwa bwalo la mpira umene pamakhala popanda anthu masana. Ophunzira a ku Polytechnic, imene kuyambira mu 2021 ikutchedwa MUBAS, tinkawaona ku Chichiri atamwazikana pakapinga ndi m'makonde, aliyense atapatsa mnzake msana. Ambiri a iwo ankachita lendi m'malo aphokoso ngati athu omwe, monga amachitira anzawo a ku Zomba okhala kwa Chikanda, motero ankakhalitsa pasukulu mpaka usiku kuthawa kunyumba. Pa Mishoni ya Blantyre, pafupi ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chinamalizidwa kumangidwa mu 1891, pansi pa mitengo pankakhala ozizira ndi odekha m'kati mwa sabata. Ena ankakwera m'phiri la Bangwe kapena la Soche, kumene anthu amapita kukapemphera, n'kukakhala pathanthwe ndi makope awo. Koma malo oterewa ali ndi malire ake. Mvula ikagwa athera pomwepo, dzuwa likalowa saonekanso, ndipo kholo lanzeru silingalole mwana wamkazi kupita yekha kuphiri.

Ambiri tinathawira ku m'bandakucha. Unkagona msanga, n'kudzuka tambala asanalire, mudzi wonse uli m'tulo. Unkatunga madzi ozizira m'beseni, n'kuviikamo mapazi kuti tulo tithawe, buku lili pamiyendo, chitenje chili kumutu chifukwa cha chisanu cha mwezi wa Juni. Nthawi imeneyo mzinda umakhaladi phee, ndipo zimene wawerenga zimakhazikika. Koma bata limenelo n'langongole. Umalibwereka ku tulo, ndipo tulo timadzalonjerera masana, aphunzitsi ali kutsogolo, iwe mutu ukugwera padesiki.

Malo amene anandiphunzitsa kanthu ndi laibulale ya m'tauni. Bungwe la National Library Service lakhala likutumikira dziko lino kuyambira mu 1968, ndipo ine ndinayamba kulowa m'nyumba yake ndili mnyamata wamkulu kale. Kuchokera ku Bangwe pankafunika minibasi ziwiri, ya ku Limbe kenaka ya ku Blantyre, choncho ndinkapitako Loweruka ndalama zikapezeka. Ndinkaganiza kuti malo a phee ndi malo opanda anthu. Koma m'chipinda muja munali modzaza. Munali ana a sukulu ovala mayunifolomu osiyanasiyana, bambo wa imvi akuwerenga nyuzipepala ndi chala, mlonda amene wangoweruka kuntchito ali ndi buku la maakaunti, mayi wachitsikana akukopera m'kope ndi cholembera chomangidwa ndi ulusi. Mawu okha amene ankamveka anali a mapepala potembenuzidwa ndi mpando wina ukakhululuka. Wofuna kutsokomola ankatseka pakamwa, wofuna kulankhula ankatuluka panja. Anthu osadziwana, osiyana mitundu ndi zipembedzo, anali atagwirizana popanda msonkhano kuti aliyense amusungire mnzake chete. Ndi pamene ndinazindikira kuti mumzinda bata silipezeka lokha monga kumudzi. Anthu amachita kulipanga, ndipo amapangirana.

Chipinda chotere sichifunika kukhala chachikulu. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, atalephera kupitiriza sekondale chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, anapeza pothawira m'kalaibulale kakang'ono ka kwawo komweko. M'menemo ndi mmene anakumana ndi buku limene linamupatsa nzeru yopangira makina opukusa magetsi ndi mphepo. Dziko lonse lapansi limadziwa za makinawo. Ine ndimaganizira za amene anaika mabukuwo pashelefu, ndi amene ankatsegula chitseko m'mawa uliwonse osadziwa kuti akutsegulira yani.

Koma bata limene linandithandiza kwambiri silinali la kulaibulale. Alamu anga, amuna a achemwali aja, anali telala pakhonde la sitolo ina ku Limbe. Tsiku lonse ankakhala akupalasa makina, ndipo chisangalalo chawo pofika pakhomo chinali wailesi: nkhani, mauthenga a maliro, ndiponso mpira. Usiku wina anandiyang'ana nthawi yaitali ndili patebulo paja, zala zili m'makutu.

"Alamu, kodi mayeso aja muyamba liti?"

Ndinawauza mwezi wake. Sanayankhe kanthu. Nkhani zitatha anadzuka, n'kutseka wailesi, n'kutenga kampando kupita pakhonde. Mawa lake anachitanso chimodzimodzi, ndipo chinakhala chizolowezi mpaka mayeso anatha. Achemwali anayamba kuphika msanga kuti tebulo lipezeke, ndipo mwana akayamba kulira ankamubereka n'kumakayenda naye panja, kuzizira kuli tsoo. Tsiku lina ndinawamva akuodira khomo loyandikana nalo.

"Pepani amayi, tili ndi wa mayeso m'nyumbamu. Mukamatsitsako pang'ono kanemayu nsima ikatha, mutithandiza."

"Ayi, zimenezo n'zosavuta. Bwanji osanena kale? Nanga mwanayo akakhoza si wathu tonse?"

Malo omwera mowa aja sanatseke, agalu sanaleke kuuwa. Koma phokoso la pafupi litachepa, la kutali linasiya kundisokoneza. Posakhalitsa mwana wa aneba omwewo, amene anali mu Sitandade 8, anayamba kubwera ndi makope ake kudzakhala mbali ina ya tebulo.

Zaka zapitapo, ndipo ndikamakula m'pamene ndikuona kukula kwa mtengo umene anthu aja analipira. Munthu wotopa, m'nyumba imene akulipira yekha lendi, kukhala panja pamdima kuti mwana wa kuchikazi awerenge. Mayi wa mwana wakhanda kuyendayenda pamphepo. Mneba amene sitinali naye pachibale chilichonse kudzimana chisangalalo chake cha madzulo. Satifiketi ya MSCE imene a MANEB amapereka imalembedwa dzina limodzi. Koma aliyense amene anaipeza akuwerengera m'nyumba ya lendi akudziwa kuti kuseri kwa dzinalo kuli anthu amene anakhala chete chifukwa cha iye.

Apa m'pamene nkhani ya mwana wamkazi imandivutitsa. Mtsikana wochokera kumudzi akafika kwa achibale m'tauni, kawirikawiri amafika ngati wophunzira koma amakhala ngati wantchito. M'mawa kumpopi, pobwera kusukulu pamoto, madzulo mbale ndi ana. Nthawi imene mnyamata wakhala patebulo, wina amakhala akutsuka mapoto kuti tebulolo likhale loyera, ndipo winayo nthawi zambiri ndi mlongo wake, amenenso ali ndi mayeso chaka chomwecho. Khonde la sitolo usiku si lake, phiri si lake, ngakhale kuchedwa kulaibulale amafunsidwa mafunso amene mnyamata safunsidwa. Kwathu kwa Mkhumba timanyadira kuti mudzi ndi wa amayi, mbumba ndiyo mizu ya banja. Ngati zili choncho, ola la chete liyambe kupatsidwa kwa ana aakazi.

Palinso phokoso lina limene silimveka ndi makutu. Mwana amene wagona ndi njala, amene akudziwa kuti lendi sinalipidwe, amene walandira uthenga woti amayi akudwala kumudzi, angakhale m'chipinda cha phee koma m'mutu muli msika. Ife a ku Phalombe tikudziwa zimenezi. Akuluakulu amasimbabe za napolo wa mu Malichi 1991 amene anatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anachitanso zomwezo kuno kwathu ndi ku Chilobwe, kunsi kwa phiri la Soche. Sukulu zinatsekedwa, makalasi ambiri anasanduka misasa ya anthu othawa madzi, mabuku ndi makope anapita ndi matope. Chaka chomwecho ana a m'mabanja amenewo anakhala pamadesiki n'kulemba mayeso ofanana ndi a anzawo a m'dziko lonse. Mwana wotere kumupatsa bata n'kumupatsa phala, kumumvetsera, ndi kumutsimikizira kuti pali wamkulu amene wasenza nkhawazo m'malo mwake.

Ana a lero alinso ndi phokoso limene ife tinalibe, loyenda nalo m'thumba. Foni yomweyo imene ili ndi mapepala a mayeso akale ndi imenenso ili ndi WhatsApp, Facebook ndi TikTok. Phokoso limeneli alamu sangakutsekere, aneba sangakutsitsire. Mwini wake ndiwe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwana amene anthu adzimana kuti amupatse chete ali ndi ngongole yoti nayenso aike foni pambali.

Zinthu zikusintha mbali zonse. Kumudzi tinyali ta sola talowa m'nyumba zambiri, ndipo koloboyi akuiwalika. Mwana wa kwathu lero angathe kuwerenga usiku popanda utsi wa palafini. Koma sola yemweyo akuimbitsanso zokuzira mawu pamagolosale, ndipo njinga zamoto za kabaza zafika mpaka m'tinjira ta kumunda. M'tauni namo, namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130, magetsi ankazima maola ambiri. Mwana wa mlongo wanga, amene anali pasukulu ku Blantyre nthawi imeneyo, anandiuza kuti magetsi akazima m'pamene ankawerenga bwino, chifukwa zoimbaimba zonse zinkazimira limodzi, iye n'kuyatsa kanyali kake ka sola. Mawu amenewo anandikhudza. Sichinthu chabwino kuti mwana azidikira mdima kuti apeze mtendere umene anthu akanatha kumupatsa magetsi akuyaka.

Malo alipo. Matchalitchi athu ambiri amakhala okhoma kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, mabenchi ali mbwee. Makalasi a kupulayimale amakhala opanda anthu ana akaweruka. Pamizikiti, m'maholo a m'madera, ngakhale m'maofesi ena madzulo, muli mipando ndi denga. Chofunika ndi munthu mmodzi wokhulupirika wosunga kiyi, nyali imodzi, ndi lamulo limodzi loti muno sitilankhula. Mkulu wa mpingo, komiti ya sukulu, mfumu ya m'dera, angathe kuchita zimenezi osadikira thandizo lochokera kunja. Ndipo mwini malo omwera mowa, amenenso ndi kholo, angathe kumva akapemphedwa mwaulemu kuti m'miyezi ya mayeso azitsitsako nyimbo usiku ukakula.

Inu amene mukusunga mwana wa sukulu, kaya ku Bangwe, ku Ndirande, kwa Chikanda kapena konkuno kwa Mkhumba, mwina mulibe ndalama yomugulira mabuku onse kapena yomulipirira aphunzitsi apadera. Koma ola limodzi muli nalo. Nsima ikatha, tsekani wailesi, chotsani mbale patebulo, mulandireni mwana wakhandayo kumsana kwa mtsikana, ndipo ngati n'kotheka kagogodeni kwa aneba. Muuzeni mwanayo kuti nthawi ino ndi yake. Yambani usiku uno, musadikire kuti mayeso ayandikire.